Nkhalango Idathera M'mbaula Yanga

Nkhani imene ndakutengerani mwezi uno ndi yondichititsa manyazi. Koma popeza akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndaganiza zoti ndiitulutse poyera, kapena wina nkutolapo kanthu.

Tsiku lina la Sabata m'mwezi wa Januwale chaka cha 2023, abusa atapita kukadyetsa Mgonero kwina, ndine ndidapatsidwa kulalikira pa mpingo wathu muno mu Blantyre. Inali nyengo yobzala mitengo, tsono ndidasankha kulankhula za munda uja wa pa Genesis 2, m'mene munthu woyamba adaikidwa kuti akhale mlimi ndiponso mlonda wake. Mau adandibwera bwino tsiku limenelo. Ndidadzudzula anthu ootcha makala ndi ukali wonse. Ndidati iwowa ndi adani a dziko, akuba obera ana osabadwa, anthu ometa mapiri mpala chifukwa cha dyera. Amayi a Mvano ankangogwedeza mitu, ndipo potuluka akulu a mpingo anzanga adandigwira chanza nati, "Lero ndiye mwalasa."

M'mawa mwake, ndisananyamuke kupita kusukulu, ndidamva belu la njinga pachipata. Anali bambo uja amene wakhala akutibweretsera makala zaka zambiri kuchokera ku Neno. Adatsitsa thumba monga mwa masiku onse, koma m'malo molandira ndalama nkubwerera, adavula chipewa naima chilili.

"Aphunzitsi, dzulo ndinali nanu m'tchalitchi. Ndidafika Loweruka usiku nkugona kwa alongo anga, ndiye ndidati ndipembedze konkuno. Ndidakhala pabenchi ya kumbuyo."

Ndidazizidwa nkhongono. Munthuyu sindidamzindikire konse, pakuti zaka zonsezi ndinkamuona ali bii ndi fumbi la makala, ndipo atasamba navala jekete adasanduka mlendo m'maso mwanga.

"Mudalalikira zoona, aphunzitsi, mitengo yathadi. Koma mundilole ndifunse chinthu chimodzi. Kwathu mkazi wanga saphikira makala, amatola tinkhuni kumunda. M'mudzi mwathu monse mulibe banja lophikira makala. Nanga nkhalango mumanena dzulo ija ikupsera m'mbaula ya yani?"

Pakamwa padandiuma. Ndidampatsa ndalama zake, ndipo thumba lija ndidalikoka ndekha kulilowetsa m'khitchini.

Kuti mumvetse chifukwa chake funso limeneli lidandilasa chomwecho, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ine ndidabadwira ndi kukulira mumzinda uno. Ndili mwana wa sukulu, tsiku la 21 Januwale, limene boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1976 kuti likhale lobzala mitengo, tinkasenza makasu ndi mbande tikuyenda pamzere, aphunzitsi ali pambuyo. Masiku amenewo phiri la Ndirande linali lobiriwira ndi mitengo ya paini, ndipo kumtunda kwa phiri la Soche kunali nkhalango yoti mwana sangalowemo yekha. M'zaka za m'ma 1990 mitengo ya ku Ndirande idagwetsedwa ife tikuona, phiri nkutsala miyala ndi timinda ta chimanga. Mapiri apafupi atatha, nkhwangwa idasamukira kutali, ku Neno ndi ku Mwanza, ndipo nchifukwa chake usiku uliwonse njinga zolemedwa ndi matumba zimakwera zitunda za mseu wa Zalewa kuti kukamacha zikhale zitafika m'makomo mwathu.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu pafupifupi 800,000. Adapezanso kuti m'dziko lonse, pa nyumba 100 zilizonse, 77 zinkaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo 2 zokha magetsi. Nyumba zophikira makalazo zambiri ndi za m'tauni. Makala ndiwo nkhuni za ife a mumzinda. Tsono pootcha makala mu uvuni wokwirira ndi dothi, mphamvu yambiri ya mtengo imathera mu utsi, kotero kuti pamalowa makilogalamu a nkhuni apakati pa 5 ndi 10 kuti patuluke kilogalamu imodzi yokha ya makala. Ndipo ootchawo satenga mtengo wamba. Amafuna tsanya, mombo ndi mitengo ina yolimba imene imatenga zaka makumimakumi kuti ikule.

Usiku wa tsiku lomwelo ndidatenga pensulo. Banja langa linkatha matumba 2 pa mwezi, ndiye kuti 24 pa chaka. Pa zaka 25 za ukwati wathu ndi matumba 600. Tikayesa thumba limodzi makilogalamu 30, ndi makilogalamu 18,000 a makala. Ndipo ngakhale titatenga muyeso wochepetsetsa uja, ndi matani 90 a mitengo. Ine amene ndidaima pa guwa nkumatchula anzanga akuba, ndidali nditadya ndekha kankhalango kathunthu, osagwirapo nkhwangwa ndi tsiku limodzi lomwe.

Wina afunsa kuti, "Nanga bwanji osaphikira magetsi, popeza nyumba yanu ili nao?" Funsoli ndi loyenera. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wokha, wa Shire, pa mathithi ake a pakati pa Matope ndi Chikwawa. Makina a pa Nkula adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, a pa Tedzani mu 1973, ndipo a pa Kapichira mu 2000. Madzi akamatsika ndi mphamvu amazunguza makinawo, magetsi nkupangika. Tsono mtsinje ukadwala, dziko lonse limadwala nao. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi a m'nyanja ya Malawi adatsika, Shire nkuchepa mphamvu, ndipo tinkakhala tsiku lonse osaona magetsi. Nthawi zina vuto limakhala namasupuni ndi zinyalala zotseka makina, kapena matope odzaza madamu. M'mwezi wa Januwale chaka cha 2022 namondwe wotchedwa Ana adagumula damu la pa Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130, amene anali ngati limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lonse, adazimirira mpaka chaka cha 2023. Kuno ku Blantyre magetsi akavuta madzinso amavuta, pakuti madzi ambiri a m'mipopi yathu amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry, mumtsinje womwewo, kukwera chitunda chonsechi. Mayi amene wateleka ndiwo sangadikire mtsinje kuti uchire, amakoleza mbaula.

Koma taonani m'mene zinthuzi zalumikizirana. Ife tikagula makala, mitengo ya ku Neno ndi ku Mwanza imagwa. Ikagwa, mvula imakokolola nthaka kutsikira m'mitsinje monga Lisungwi ndi Mkulumadzi, imene imathira mu Shire. Matopewo amakadzaza madamu, magetsi nkuchepa, ndipo magetsi akachepa ife timagula makala ochuluka kuposa kale. Tili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, imene imayesa ikuyenda ulendo pamene ikungozungulira malo amodzimodzi.

Mdima wa chaka cha 2022 uja ndiwo udandikankhira kwa dzuwa. Ndidasunga ndalama miyezi ingapo nkugula sola ya mawati 100, batire, kabokosi koteteza batire, ndi mababu anai osadya magetsi ambiri. Kuwala kwa dzuwa kukagwa pa timagalasi ta sola kumadzutsa magetsi, amene amatsika ndi waya kukasungidwa m'batire kufikira madzulo. Palibe utsi, palibe phokoso, ndipo dzuwa silitumiza bilu. Ana adayamba kuwerenga usiku popanda kandulo, ine ndinkachonga makope mpaka nthawi imene ndafuna, ndipo anansi ankabwera kudzatchaja mafoni. Zophunzira zinalipo. Batire yoyamba, imene ndidagula motchipa, idafa chaka chisanathe chifukwa tinkaikama mpaka kuuma. Fumbi la mwezi wa Okutobala likakuta galasi, mphamvu imachepa mpaka wina akwere kukapukuta. Ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chikagwa masiku atatu otsatizana, mababu amayamba kuphethira nthawi ya chakudya chamadzulo isanakwane. Komabe nyumba yanga inkawala pamene za anzanga zili mumdima, ndipo mumtima ndidayamba kudziyesa munthu wotsogola, wosamala chilengedwe. Kudzitama kumeneku ndiko kudakwera nane pa guwa tsiku lija.

Bambo wa ku Neno atanditsegula maso, ndidachitanso masamu ena, onga amene ndimapatsa ana a Sitandade 7. Yuniti imodzi ya magetsi, yonga imene timagula ija, ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Sola yanga ya mawati 100, ikalandira dzuwa lamphamvu maola 5, nkuchotsapo zotayika m'njira, imapereka mphamvu yosafika theka la yuniti pa tsiku. Mababu anai a mawati 5 oyaka maola 5 amangodya limodzi mwa magawo khumi a yuniti. Mpake kuti nyumba inkawala. Koma mbaula ya magetsi ya mawati 1,000 yophika nyemba zouma maola awiri kapena atatu imadya mayunitsi 2 kapena 3. Ndiye kuti mphika umodzi wa nyemba ukadafuna masola asanu kapena kuposerapo, ndi mabatire oti mphunzitsi wa pulaimale sangawakwanitse. Apa mpamene ndidazindikira chinthu chimene ndikufuna owerenga achigwire: kuunika m'nyumba nkosavuta masiku ano, koma nkhondo yeniyeni ili pamphika. Dzuwa lidachotsa kandulo m'nyumba mwanga, koma silidachotseko thumba la makala ndi limodzi lomwe.

Sindikunyoza dzuwa ai. Munda wa masola wa ku Salima, wa mamegawati 60, umene udatsegulidwa mu 2021, ndi wa ku Golomoti m'boma la Dedza, wa mamegawati 20 ndi mabatire ake, umene udayamba mu 2022, udapepuza katundu wa mtsinje wa Shire, makamaka masana. Dziko lotentha ngati lathu lingakhale lopusa kukana mphatso yotere. Ndikungonena kuti nthawi imene amayi a mumzinda amateleka mphika wa nsima ya madzulo, dzuwa limakhala litalowa kale.

Ndikadatha kuiwala zonsezi monga timaiwalira maulaliki ambiri, koma patangopita miyezi iwiri kudadza namondwe Freddy. Mvula idagwa usana ndi usiku osalekeza, ndipo pofika pa 13 Malichi 2023 phiri la Soche linali litatsanula matope ndi miyala ikuluikulu pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja anthu ali m'tulo. M'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa osapezekanso. Sukulu zidatsekedwa, ndipo zipinda zophunziriramo zidasanduka mogona anthu osowa pokhala. Titatsegulanso, ndidaitana maina m'kaundula monga mwa nthawi zonse, ndipo pa maina awiri padalibe woyankha. Mpaka lero ndikafika pamzere umenewo m'buku lakalelo, mau amandithawa.

Sindinena kuti mitengo ikadaletsa zonse. Mvula ija inali yopyola muyeso, nyumba zambiri zidamangidwa pamalo otsetsereka chifukwa eni ake adalibe kwina kopita, ndipo ngakhale ku Mulanje, kumene mitengo idakalipo, mapiri adagumuka ndithu. Koma aliyense amene adazulapo chitsa akudziwa m'mene mizu imagwirira dothi, ndipo phiri lometedwa silichedwa kutaya nthaka yake. Masiku amenewo tidali kuphikira anthu othawa madzi phala ndi nsima pabwalo la sukulu, ndipo ndidaona kuti ngakhale chifundo chathu chidali kuyaka ndi nkhuni ndi makala omwewo. Ndidati mumtima, kulira kokha sikukwanira. Tiyambe ndi khitchini yathu.

Tsono vuto linali lakuti ine za m'khitchini sindinkazidziwa. Madzulo ena ndidafunsa amayi a kunyumba kuti, "Kodi mayi, makala athuwa amathera pati makamaka?"

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkuseka. "Abambo, zaka 25 mwakhala mukudya nsima, lero ndi pamene mwakumbukira kuti imapsa ndi moto?"

Atatha kuseka adandiwerengera bwinobwino. Nsima, adatero, siidya makala ambiri. Odya makala ndi nyemba ndi nandolo wouma, madzi osamba a anthu asanu ndi mmodzi, ndiponso moto wotsala umene umangonyeka wokha mphika utaphulidwa. Tidagwirizana kuti tizilemba m'kope tsiku limene thumba latsegulidwa ndi tsiku limene latha.

Tidayamba ndi zosalira ndalama. Nyemba tidayamba kuziviika usiku wonse, mphika uliwonse kuuvundikira, ndiwo kuzikonzeratu moto usanakolezedwe, ndipo makala otsala kuwazimitsa m'chitini chotseka kuti agwirenso ntchito mawa. Madzi osamba tidayamba kuwaika padzuwa m'zigubu zakuda kuyambira m'mawa. Pofika madzulo amakhala ofunda bwino, kupatula masiku a chiperoni. Kenaka mayi wina wa Mvano adatiphunzitsa dengu lophikira. Ndi dengu wamba loyalamo zidutswa za mabulangete akale, ndi khushoni yovundikira pamwamba. Nyemba zoviika zikawira kwambiri pamoto kwa mphindi 20, mphika umaikidwa m'dengumo uli chivundikirire, ndipo kutentha kumene kwatsekeredwako kumatsiriza ntchito m'maola atatu kapena anai. Tsiku loyamba ndidakana kukhulupirira mpaka nditalawa ndekha.

Pambuyo pake tidasiya mbaula yachitsulo chokhachokha, imene imataya moto m'mbali, nkugula yomata dothi m'kati. Tidagulanso chitetezo mbaula, youmba ndi dothi ija, imene boma ndi mabungwe akhala akulimbikitsa. M'chaka cha 2013 boma lidalengeza cholinga chakuti mbaula zosunga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020. Imeneyi imalandira tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo, zinthu zimene kale tinkangozitentha kudzala. Achinyamata a pa mpingo adayesa kuumba makala a utuchi, fumbi la makala ndi mapepala akale. Oyamba adatifukiza utsi mpaka misozi chifukwa adawagulitsa asanaume, koma atadziwa kusakaniza ndi kuyanika bwino, adakhala othandiza pa zophika zofuna moto wofatsa, ngakhale phulusa lake ndi lambiri.

Gasi ndiye adabweretsa mkangano m'nyumba. Amayi adati sangagone ndi bomba, ndipo padapita miyezi asanavomere kuti titenge ngongole ku banki m'khonde nkugula silinda yaing'ono. Mnyamata wogulitsa adationetsa kupaka thovu la sopo pa paipi kuti tione ngati mpweya ukutuluka, kutsegula zenera pophika, ndi kutseka pa silinda pomwe tikatha. Lero tiyi ndi phala la m'mawa zimapsa ana asanathe kuvala. Koma gasi amachokera kunja kwa dziko, ndipo mtengo wake umakwera pamodzi ndi ndalama zakunja, kotero timamgwiritsa ntchito mosinira. Chomaliza, mwana wathu woyamba atayamba ntchito adatigulira mphika wa magetsi wotseka ndi mphamvu, umene umasunga nthunzi m'kati. Magetsi akakhalapo, nyemba zoviika zimapsa ola lisanathe, ndipo yuniti imodzi siitha.

Kope lija likuchitira umboni. Kale tinkatha matumba 24 pa chaka. Chaka chathachi tidatha 8. Sindinganame kuti tasiya makala, ndipo palibe chimodzi mwa zinthu ndatchulazi chimene chikadatha ntchito pachokha. Makolo athu ankadziwa kuti mphika sukhala pa fuwa limodzi. Nyumba ya mumzinda iyenera kutsamira pa zingapo: dzuwa pa kuunika ndi kufunditsa madzi, magetsi a mumtsinje pamene alipo, gasi pa zofulumira, ndi moto wa zinyalala ndi wa mitengo yobzala tokha pa zotsalazo. Ndipo ndichenjeze pano, popeza nyengo yozizira imabwera chaka ndi chaka: mbaula ya makala amtundu uliwonse isagone m'chipinda chotseka, pakuti imatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene wapha mabanja athunthu ali m'tulo.

Komatu ndisadzitamenso kachiwiri. Zambiri mwa zimenezi ndidazitha chifukwa ndimalandira malipiro pakutha pa mwezi. M'mlaga mwathu muli mayi wamasiye amene sadagulepo thumba lathunthu. Amagula kajumbo ka makala tsiku ndi tsiku, ndipo tikawerengera pa mwezi, iye amalipira zambiri kuposa ine pa moto wochepa. Silinda ya gasi kwa iye ndi loto. Pa 1 Mafumu 17 timawerenga za mkazi wamasiye wa ku Zarefati, ndipo tonse timakumbukira ufa ndi mafuta ake. Koma mneneri adampeza akutola nkhuni. Njala ya ufa ndi njala ya moto zimayendera limodzi. Kangati ife akulu a mpingo tapita kukacheza kwa amasiye titanyamula ufa ndi sopo, osafunsa kuti ufawo auphika ndi chiyani? Tsopano mlaga wathu ukamapita kukaona ovutika umanyamulanso chitetezo mbaula, ndipo amayi amatsalira kuwathandiza kusoka dengu lophikira. Mtengo wake ndi wochepa, koma umapepuza banja masiku onse.

Mpingo nawonso uli ndi khitchini yake. Pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano ikuluikulu timasonkha zipika zathunthu pansi pa miphika, moto wambiri nkumangothawira kumwamba. Nkhaniyi nditaitengera ku bwalo la akulu a mpingo, ena adati si yauzimu. Tidakambirana kawiri konse, ndipo pomaliza tidamanga mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni, yolowetsamo miphika ikuluikulu, nkubzala mitengo ndi nsungwi kumalire a malo a tchalitchi. Achinyamata akutiumiriza kuti tiyesenso mpweya wochokera ku zoola. Zinyalala za ndiwo ndi ndowe zikatsekeredwa m'thanki mopanda mpweya wabwino, tizilombo tosaoneka ndi maso timaziola nkutulutsa gasi woyaka ndi lawi la buluu, ndipo kutentha kwa dziko lathu kumafulumizitsa ntchitoyo. Ndikadutsa pa milu ya zinyalala m'misika ya mumzinda uno, ndimaona moto ukuolera pabwalo. Izi sitinazichite, koma sitinazitaye.

Kwa inu achinyamata ndinena ichi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, koma ali ndi zaka 14 adapanga makina oyendera mphepo ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, nayatsa mababu m'nyumba ya makolo ake. Nzeru zotere sizili ku Kasungu kokha. Amene adalumikiza sola ya m'nyumba mwanga ndi mnyamata amene ndidamphunzitsa ndekha, ndipo ndivomere kuti m'kalasi ndinkamuyesa wochedwa kumva. Lero ndiye amandiphunzitsa za mawaya, ndipo akudyetsa banja ndi luso limeneli. Mzinda uno ukusowa anthu odziwa kulumikiza masola moona mtima, kuumba mbaula zabwino, kukonza mabatire ndi kufesa mbande. Musachite manyazi ndi ntchito yodetsa manja.

Nanga bambo uja wa ku Neno? Tsiku limene ndidamuuza kuti tsopano ndizitenga thumba limodzi pakapita milungu isanu ndi umodzi, adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Mwachita bwino, aphunzitsi. Nanga ana anga adya dzuwa?"

Funso ili ndi lolemera kuposa loyamba lija, ndipo yankho lokwanira ndilibe. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 zilango zake zidakhwimitsidwa. Iye amadziwa zimenezi kuposa ine. Amapalasa usiku wonse pamseu wa magalimoto akuluakulu, nthawi zina katundu amalandidwa m'njira, ndipo phindu limene amabwerera nalo ndi lochepa. Sachita izi chifukwa chodana ndi mitengo, koma chifukwa munda wake sumufikitsa ku zokolola zina. Ndidampepesa chifukwa cha mau ndidalankhula pa guwa aja, ndipo iye adangoti, "Zidapita, aphunzitsi." Tidapangana kuti nyengo ya manachesi ndi ya nandolo azibwera nazo pa njinga yomweyo, ndipo mabanja a m'mlaga mwathu amamgula. Ndidamgulirako mbande za nsungwi zoti abzale m'mbali mwa khwawa la kumunda kwake, popeza nsungwi ukadula imaphukanso. Koma ndalama za manachesi sizifika pa za makala, ndipo makala akuotchabe. Ndikamva belu lake pachipata ndimakumbukira kuti iye ndi ine tili pa goli limodzi, ndipo sikungakhale chilungamo kuti ine ndimasuke ndekha iye nkutsala.

Makolo anzanga, sindikupemphani kuti mutaye mbaula mawa. Ndikupemphani chinthu chaching'ono: tengani kope, mulembe tsiku limene thumba latsegulidwa ndi tsiku limene latha, ndipo abambo mukhale pansi ndi amayi muwafunse kumene moto umathera, pakuti iwo akudziwa. Mukatero sankhani chinthu chimodzi chimene thumba lanu la ndalama lingathe, ngakhale kuviika nyemba kokha, ndipo ana aone mukuchita. Ine abusa akadzandipatsanso guwa nyengo yobzala mitengo, ndidzawerenga mutu womwe uja wa Genesis, koma ndidzayamba ndi matumba 600 a m'nyumba mwanga, ndipo ndidzayang'anitsitsa amene akhala pabenchi ya kumbuyo. Ambuye atikhululukire pa zimene tidaononga osadziwa, ndipo atipatse nzeru zosamala zimene zatsala.